Kuteteza wailesi ya m'galimoto kwa akuba kuno ku Tete: njira iti ikuyenera ndalama zanu?

Wakuba akathyola galimoto kuti atenge wailesi, chimene mwini wake amalira kwambiri nthawi zambiri si wailesiyo. Amalira galasi la chitseko limene lamwazika tizidutswa pampando, dashibodi imene yang'ambidwa ndi sikuludalaiva, ndi mawaya amene adulidwa mwachisawawa mpaka zinthu zina za magetsi kusiya kugwira ntchito. Wailesi mungathe kugula ina mawa lomwe. Koma galasi la galimoto yochokera ku Japan, ngati mumakhala ku Ulongwe, ku Domwe kapena ku Furancungo, muyenera kulidikira kuchokera mumzinda wa Tete kapena ku Beira, apo ayi muwoloke malire kukalisaka ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Masiku onsewo galimoto ikugona ndi pulasitiki pazenera, fumbi ndi mvula zikulowa, ndipo wakuba wachiwiri sakufunikanso kuphwanya kanthu.

N'chifukwa chake pofananitsa njira zotetezera wailesi ine ndimafunsa funso limodzi kwa njira iliyonse: kodi imamuletsa wakuba galasi lisanasweke, kapena imangomuvutitsa atalowa kale? Njira imene imapulumutsa wailesi koma n'kukusiyani ndi zenera losweka yakuthandizani theka chabe.

Tiyambe ndi chifukwa chimene mawailesi athu amakopera akuba. Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'chigawo chino zinayamba zagwira ntchito ku Japan. Wailesi ya ku Japan nthawi zambiri imagwira mafunde a FM kuyambira pa 76 kufika pa 90 MHz, pamene kuno mawailesi amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Ndiye munthu amagula galimoto yabwinobwino, n'kupeza kuti pologalamu ya Chinyanja ya Rádio Moçambique kapena wailesi ya kudera kwawo siikumveka, komanso mabatani onse alembedwa m'Chijapani. Posakhalitsa amaichotsa n'kuika Pioneer, Sony, Kenwood, JVC, kapena sikirini yaikulu ya Android. Mawailesi ambiri ogula paderawa amapangidwa pa muyezo umodzi padziko lonse, wotchedwa DIN: yaing'ono ndi mamilimita 180 m'lifupi ndi 50 m'mwamba, yaikulu ndi 180 ndi 100. Muyezo umenewu ndi umene umachititsa kuti wailesi ya m'galimoto yanu ikwane m'galimoto zina zambiri, ndipo ndi umenenso umachititsa kuti wakuba asavutike kupeza woigula.

Wailesi yochotsa nkhope

Pa njira zonse, iyi ndi imene ndimaiika patsogolo kwa munthu amene sanagulebe wailesi. Mawailesi ambiri aang'ono a makampani ndatchulawa ali ndi kabatani pakona. Mukakadina, mbali yakutsogolo imene ili ndi mabatani ndi kasikirini imachoka, n'kulowa m'thumba la malaya kapena m'chikwama. Chotsala m'dashibodi ndi bokosi lakuda lopanda ntchito, chifukwa nkhope ya mtundu wina siingakwanepo, ndipo kupeza yofanana n'kovuta moti wogula zakuba safuna n'komwe kuvutika nayo.

Ubwino wake waukulu ndi woti wakuba amaona yekha ali panja kuti palibe chotenga. Amasuzumira pazenera n'kupitirira. Galasi latsala, dashibodi yatsala. Simulipira kalikonse kowonjezera pa mtengo wa wailesiyo, simudula waya, ndipo batire silikhudzidwa.

Koma njirayi imadalira khalidwe la mwini wake, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Mlungu woyamba munthu amachotsa nkhopeyo paliponse pamene waima. Pakapita mwezi amangoichotsa usiku. Kenako amayamba kuibisa m'kabati kakang'ono ka padashibodi kapena pansi pa mpando, malo amene wakuba aliyense amayambira kufufuza. Wakuba amene anapezapo nkhope m'kabatimo kamodzi amaphunzira kuti bokosi lakuda silitanthauza kuti nkhopeyo yapita ndi mwini wake, ndiye amaswa galasi la wina mongoyesa mwayi. Mukaichotsa, pitani nayo.

Palinso nkhani ya kutentha. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limapitirira madigiri 40, ndipo mkati mwa galimoto yotsekedwa imene yaima padzuwa mumatentha kuposa pamenepo kwambiri. Kasikirini ka wailesi kamada kapena kuzimirira ndi kutentha kotere, choncho kutenga nkhope kukupulumutsani pawiri. Chimene muyenera kusamala ndi timano tachitsulo takumbuyo kwake timene timalumikiza nkhope ndi wailesi. Fumbi la m'misewu yathu ndi thukuta la m'thumba zimatidetsa, wailesi n'kuyamba kuzimazima. Isungeni m'kachikwama kake, ndipo nthawi zina muzipukuta timanoto ndi kansalu kouma.

Vuto lenileni la njirayi ndi loti masikirini aakulu a Android, amene achinyamata ambiri akuwakonda masiku ano, pafupifupi onse sachoka nkhope. Amene wasankha sikirini ya mainchesi 9 kapena 10 wasankha chinthu chimene chimaonekera patali ngakhale chili chozima. Sindikunena kuti musagule. Ili ndi mapu, ili ndi kamera yobwerera m'mbuyo, ndipo kwa ena ndi chida cha ntchito. Koma dziwani kuti mukaiika, chitetezo chanu chonse chasamukira ku njira zina zimene zili m'munsizi. Kansalu kakuda kophimba kamathandiza pang'ono usiku, ngakhale kuti masana nsalu padashibodi imangouza wodutsa kuti pansi pake pali kanthu.

Kumanga ndi mabawuti

Anthu ambiri sadziwa mmene wailesi yawo inamangidwira, pamene apa ndi pamene pagona kusiyana kwa wakuba amene atha ntchito m'kanthawi kochepa ndi amene alephera n'kuthawa.

Pali njira ziwiri zoikira wailesi. Yoyamba ndi ya chimango chachitsulo chimene chimabwera m'katoni limodzi ndi wailesiyo. Chimangocho amachilowetsa m'bowo la dashibodi, kupinda timakutu take kuti chigwire, kenako wailesi n'kuikankhira mkati mpaka italira kuti khethe. Poichotsa pamafunika tizitsulo tiwiri topyapyala timene amatilowetsa m'mbali, ndipo wailesi imasololoka. Tizitsulo timeneti si chinsinsi: aliyense amene anagulapo wailesi yatsopano ali nato, ndipo mpeni wopyapyala umagwiranso ntchito yomweyo. Oika ambiri amakonda njirayi chifukwa ndi yachangu.

Yachiwiri ndi imene fakitale imagwiritsa ntchito pa Toyota, Nissan ndi galimoto zina zambiri za ku Japan. M'mbali mwa wailesi mumamangidwa zitsulo ziwiri, zitsulozo n'kumangidwa ndi mabawuti ku chigoba cha dashibodi, kenako pulasitiki yozungulira n'kubwezeretsedwa pamwamba. Kuti munthu afike pa mabawutiwo ayenera kuyamba wachotsa pulasitikiyo, nthawi zina pamodzi ndi mabatani a mpweya wozizira. Mawailesi ogula padera ali ndi mabowo m'mbali okonzedwera zitsulo zomwezi. Ngati galimoto yanu ili nazo, muuzeni woika kuti agwiritse ntchito zimenezo ndipo chimango chija achisiye m'katoni. Imani pomwepo pamene akugwira ntchito, chifukwa ena amataya zitsulo za fakitale n'kungoikhazika wailesi pa pulasitiki.

Mungathe kupitirira apo posintha mabawuti awiri okha n'kuika a mutu wa nyenyezi wokhala ndi kamsomali pakati, amene sikuludalaiva wamba sangawamasule. Kumbuyo kwa mawailesi ambiri kulinso bowo la bawuti limodzi lomangira lamba wachitsulo amene amakagwira chigoba cha galimoto. Lamba ameneyu ndi wotsika mtengo, ndipo amathandizanso kuti wailesi isagwedezeke pa misewu ya dothi ya ku Tsangano kapena ku Chifunde.

Tsopano mbali yoipa, ndipo ndiinena mosabisa. Kumanga sikuoneka panja. Wakuba amaswa galasi kaye, n'kupeza kuti wailesi siikutuluka, ndipo wina akapsa mtima amakanula dashibodi ndi chitsulo. Mungathe kutsala ndi wailesi yanu koma dashibodi itasweka, ndipo pulasitiki ya dashibodi ndi yovuta kuipeza kuposa galasi. Choncho pa wailesi yeniyeniyo, kumanga ndi njira yachiwiri, yothandizira yoyamba.

Pa ampulifaya (chida chokulitsa mawu) ndi sabuwufa (sipika yaikulu ya bezi yokhala m'bokosi) nkhani ndi ina. Apa kumanga ndiye njira yaikulu. Ndimaona galimoto zambiri zimene bokosi la sabuwufa langokhazikidwa m'buti, ampulifaya itamangidwa pamsana pa bokosilo. Kuteroko n'kumukonzera wakuba katundu mmodzi wonyamula: adule mawaya awiri kapena atatu, anyamule zonse pamodzi. Lekanitsani ziwirizi. Ampulifaya ipite pansi pa mpando wakutsogolo kapena kuseri kwa mpando wakumbuyo, pamalo pamene mpweya ukudutsa chifukwa imatentha, ndipo imangidwe ku chitsulo cha galimoto. Bokosi la sabuwufa limangidwe kuchokera mkati mwake: woika achotse sipika, aboole pansi pa bokosi, amange mabawuti ku thupi la galimoto, kenako abwezeretse sipika. Asanaboole ayang'ane pansi, chifukwa pa galimoto zambiri thanki ya mafuta ndi mapaipi a mabuleki zili m'munsi momwemo.

Ndipo chonde, waya wokhuthala wochokera kubatire kupita ku ampulifaya ukhale ndi fyuzi pafupi ndi batire penipeni. Wakuba akadula waya umenewu n'kuusiya ukukhudza chitsulo, popanda fyuzi galimoto ikhoza kuyaka moto. Izi zimaposa nkhani ya wailesi.

Kusiya wailesi ya fakitale

Pali njira ina imene anthu amaiona ngati yaumphawi koma ine ndimailemekeza: osasintha wailesi n'komwe. Wailesi ya fakitale, makamaka ya galimoto zatsopanoko, inapangidwa mogwirizana ndi dashibodi ya galimoto imeneyo basi, ndipo msika wake ndi wochepa. Vuto la mafunde lija limatha ndi kachipangizo kakang'ono kamene kamaikidwa pa waya wa eriyo kuseri kwa wailesi, kamene kamatsitsa mafunde a kuno kuti alowe mu muyezo wa ku Japan. Manambala a pasikirini sagwirizana ndi a wailesi imene mukumvera, ndipo nthawi zina mawu samveka bwino kwenikweni mukatalikira tauni, koma nkhani ndi nyimbo mukumva. Nyimbo za m'foni mungazilowetse ndi kachipangizo ka Bluetooth kolumikiza pa choyatsira fodya kapena pa kabowo kolowetsera mawu ka AUX, kamene mumazula n'kuika m'thumba potsika.

Amene akufuna mawu abwino angathe kusintha masipika okha a m'zitseko n'kubwezeretsa zophimba za fakitale pamwamba. Khutu limva kusintha, diso la wodutsa siliona kanthu.

Mawailesi ena a fakitale, monga a Honda, Volkswagen ndi Ford akale, amatsekeka magetsi akangoduka, ndipo amafuna nambala yachinsinsi ya manambala anayi kapena asanu kuti ayakenso. Masikirini ena a Toyota ochokera ku Japan amachitanso chimodzimodzi ngati mwini wake woyamba anaikamo nambala, ndipo ena sayaka popanda kakhadi kawo ka SD. Papepala njirayi ndi yabwino. Koma imagwira ntchito pokhapokha wakuba akudziwa za lokoyo asanaswe galasi, ndiponso masiku ano pali anthu amene amatsegula malokowa ndi foni. Nthawi zambiri amene amavutika nayo ndi mwini galimoto, tsiku limene wasintha batire. Ngati wailesi yanu ili ndi nambala yotere, ilembeni ndi kuisunga kunyumba, osati m'galimoto.

Alamu

Alamu ndi njira imene ogulitsa amayamba kukuuzani, ndipo ili ndi malo ake, koma si onse amene imawathandiza.

Imathandiza ngati galimoto imagona pamene inu kapena mlonda mungamve n'kutuluka. Pabwalo la nyumba ku Matundo kapena ku Chingodzi, usiku kuli zii, alamu ikalira wakuba amathawa. Koma pafupi ndi msika wa Kwachena masana, pakati pa mahutala, njinga zamoto ndi nyimbo za m'mashopu, alamu ikhoza kulira mpaka kutopa popanda wotembenuka. Anthu anazolowera kuti alamu imalira yokha lole ikadutsa.

Kulira kopanda chifukwa kumeneku kumachokera pa sensa ya kugwedezeka imene yaikidwa mopitirira muyezo. M'mbali mwa msewu wa N7, pamene malole olemera amadutsa usana ndi usiku, alamu yotere imakudanitsani ndi anansi, ndipo mapeto ake mumaizimitsa nokha. Alamu yabwino ikhale ndi maswichi pa zitseko zonse, pabuti ndi paboneti, sensa yochepetsedwa bwino, ndi kanyali kofiira kophethira poonekera. Kanyali kameneka ndi mbali yokhayo ya alamu imene imalankhula ndi wakuba galasi lisanasweke. Ngati mungathe, sankhani sairini yokhala ndi batire lake mkati, chifukwa wakuba wozolowera amayamba ndi kudula waya wa batire kudzera pansi.

Choopsa cha alamu ndi kaikidwe. Alamu imalumikizidwa ku mawaya a maloko, nyali ndi sitata. Woika amene amangopota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi akukusiyirani mavuto amene adzayamba pakapita miyezi: kutentha kumasungunula ulimbo wa tepi, mabampu amagwedeza mfundo, ndipo tsiku lina galimoto imakana kulira muli pakati pa Mussacama ndi Ulongwe. Funani munthu wa magetsi a galimoto amene amawotcherera mfundo zake, ndipo akusonyezeni pamene pali kabatani kozimitsira alamu limoti ikafa. Kumbukiraninso kuti alamu imadya magetsi pang'onopang'ono nthawi zonse. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku siimva, koma imene imaima milungu iwiri kapena itatu, batire lake litafooka kale ndi kutentha kwa kuchigwa, mudzaipeza itazima.

Chinthu china chaching'ono chokhudza limoti. Pali tizipangizo timene akuba amasokonezera mafunde a limoti, njira imene ndi yodziwika kwambiri ku South Africa. Inu mumadina, n'kuchoka mukuganiza kuti mwatseka, pamene zitseko zili zotsegula ndipo alamu sinayake. Mankhwala ake ndi aulere: mukadina, kokani chitseko ndi dzanja.

Pepala lomata pagalasi

Magalasi a m'zitseko anapangidwa kuti akamenyedwa asweke timiyala ting'onoting'ono tosacheka kwambiri, ndipo n'chifukwa chake amagwa onse nthawi imodzi. Pepala lolimba lomata mkati limagwira tizidutswato pamodzi, moti wakuba ayenera kumenya kangapo ndi kukankha kuti aboole. Limagula nthawi ndipo limapangitsa phokoso, komanso limateteza nkhope yanu pangozi. Koma galasi limaswekabe, ndiye pa funso langa lija layankha theka.

Musalisokoneze ndi tinti wamba. Tinti ndi wopyapyala, amabisa zamkati ndi kuchepetsa kutentha koma salimbitsa galasi kwenikweni. Kubisako kuli ndi phindu, ngakhale kuti akuba ena amaona galasi lakuda ngati chizindikiro choti mkati muli zodula. Musanaike tinti wakuda kwambiri funsani ku INATRO, bungwe la boma loyang'anira zamaulendo apamsewu, za malamulo ake, kuti musamakangane ndi apolisi apamsewu. Pepala lolimba loyera lilipo, ndipo limenelo silikuikani m'mavuto.

Pano ndionjezepo nkhani ya zenera losiyidwa pang'ono. Kutentha kwa mumzinda wa Tete kumachititsa ambiri kusiya mpata wa chala chimodzi kuti mpweya uzituluka. Mpata umenewo ndi wokwanira kulowetsa waya wokokera loko, kapena zala zokankhira galasi pansi. Gulani chotchinga dzuwa cha pagalasi lakutsogolo, funani mthunzi, ndipo mazenera atsekeni mpaka m'mwamba. Chotchingacho chimabisanso dashibodi kwa amene akudutsa kutsogolo.

Kumene galimoto imagona

Mutandifunsa kuti ndalama zanu zochepa muziike pati, nditatha kunena za nkhope yochotsa ndinena za malo ogona. Kuchotsa wailesi yomangidwa bwino, kapena kunyamula bokosi la sabuwufa, kumafuna mdima ndi nthawi. Galimoto imene imagona mkati mwa mpanda wokhala ndi geti, nyali ikuwala, galu ali pabwalo, yamulanda wakuba zonse ziwiri.

Si aliyense ali ndi mpanda wolowa galimoto. M'madera ambiri a m'tauni nyumba ndi zothinana ndipo njira ndi zopapatiza, ndiye anthu amagwirizana ndi mnansi wokhala ndi bwalo, kapena amalipira pamwezi pamalo ogulitsira mafuta kapena pagalaja yokhala ndi mlonda. Ndalama imeneyi imawawa chifukwa imabwera mwezi ndi mwezi, pamene alamu mumalipira kamodzi. Koma imateteza galimoto yonse: batire, matayala, magalasi oonera m'mbuyo, nyali, ndi mafuta a m'thanki. Palibe njira ina m'nkhani ino imene imachita zimenezo.

Pogwirizana ndi mlonda, lankhulani momveka kuyambira tsiku loyamba. Mudziweni dzina ndi kumene amakhala, mupatseni nambala yanu ya foni, ndipo madzulo aliwonse zungulirani galimoto limodzi kuti nonse muone kuti zonse zili m'malo. Makiyi musamusiyire pokhapokha ngati malowo amafuna kusuntha galimoto usiku. Mulipireni pa nthawi yake ndipo mumulemekeze. Bambo amene akukhala panja usiku wonse m'nyengo yozizira ya ku Angonia mu Juni ndi Julayi, kapena pakati pa udzudzu wa m'mbali mwa Zambezi, akugwira ntchito yolemetsa, ndipo amene amamupatsa moni ndi kumufunsa za kunyumba ndi amene galimoto yake imayang'aniridwa ndi mtima wonse.

Masana m'tauni muli anyamata amene amadzipereka kuyang'anira galimoto. Ena ndi okhulupirika ndipo amakhala pamalo amodzi zaka zambiri, odziwika kwa eni mashopu. Amenewo ndi amene muyenera kuwafuna. Lipirani pobwerera, osati popita.

Ndipo pali khalidwe limodzi limene limawononga zonsezi: kufika pamalo ogona nyimbo zili pamwamba. Akulu anati walira mvula walira matope. Bezi imene ikugwedeza malata a nyumba za anthu ikulengeza kwa dera lonse kuti m'buti muli ampulifaya ndi sabuwufa, komanso kuti galimotoyo imagona pati. Tsitsani mawu mutatsala pang'ono kufika. Zomata za Pioneer kapena Sony pagalasi lakumbuyo zimachita ntchito yomweyo yolengeza, zimatuleni. Chimodzimodzi zithunzi za pa Facebook zoonetsa buti lotsegula pamodzi ndi nambala ya galimoto.

Zimene zimathandiza zinthu zitabedwa kale

Kachipangizo ka GPS kolondola galimoto sikateteza wailesi. Kamathandiza galimoto yonse ikabedwa, ndipo kamadalira netiweki ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel, imene m'madera ena akutali imasowa. Ndi kabwino, koma ndi yankho la funso lina.

Inshulansi nayo imasokoneza ambiri. Imene lamulo la 2003 limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo ndi yolipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwawonongera katundu. Siilipira wailesi yanu kapena galasi lanu. Kuti kuba kulipiridwe pamafunika inshulansi yokulirapo, ndipo ngakhale imeneyo nthawi zambiri imafuna kuti zida zoonjezera zilembedwe padera ndi mtengo wake. Funsani kampani yanu musanasaine, ndipo yankho likhale lolembedwa. Pa galimoto yakale yokhala ndi wailesi wamba, ndalama zimenezo ndi bwino zipite kwa mlonda.

Chimene aliyense angachite lero popanda kulipira ndi kulemba nambala za zida zake. Wailesi ndi ampulifaya iliyonse ili ndi nambala yakeyake pa chomata cha pathupi pake komanso pakatoni. Jambulani ndi foni musanaiike, sungani lisiti. Popeza chomata chimamatulidwa, lembaninso nambala ya galimoto yanu pa chitsulo cha wailesi ndi msomali wakuthwa kapena makina ozokotera. Mukapita kupolisi ya PRM kukadandaula, kapena a SERNIC, ofufuza milandu, akagwira munthu ndi mulu wa mawailesi, mawu oti "yanga ndi Pioneer yakuda" sakuthandizani. Nambala ndi imene imabweza katundu. M'chigawo chathu zinthu zimawoloka malire msanga, pa Zobwe, pa Kalomwe, pa Cassacatiza, pa Cuchamano ndi m'njira zambiri zachidule, choncho dandaulo lipite tsiku lomwelo.

Ndipo apa ndilankhule ndi ife ogula. Wailesi yopanda katoni, mawaya ake odulidwa mwaufupi kumbuyo, chomata cha nambala chitapalidwa, mtengo wake wotsika modabwitsa, tonse timadziwa kumene yachokera. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Komanso ndalama imene mwaperekayo ndi imene imatumiza mnyamatayo kukaswa galasi lina usiku wotsatira. Wailesi yogwiritsidwapo ntchito si yoipa, koma wogulitsa asonyeze lisiti kapena galimoto imene waichotsamo, ndipo pulagi yake ya mawaya ikhale yathunthu.

Ndani asankhe chiyani

Woyendetsa shapa (minibasi yonyamula anthu) pakati pa Tete ndi Ulongwe kapena Zobwe sangachite popanda nyimbo, ndipo galimoto yake imakhala yotsegula tsiku lonse pasiteji, anthu akulowa ndi kutuluka. Alamu masana ilibe ntchito kwa iye. Asankhe wailesi yaing'ono yochotsa nkhope, yomangidwa ndi zitsulo za fakitale, ampulifaya pansi pa mpando wake, masipika omangidwa ndi mabawuti kuseri kwa zophimba zachitsulo. Fulashi ya nyimbo izikhala pa makiyi. Agwirizane ndi kondakitala kuti wina akapita kukadya wina atsale, ndipo usiku galimoto igone pamalo a mlonda.

Mlimi kapena wamalonda wa ku Angonia, Tsangano kapena Macanga amene ali ndi pikapu yonyamula mbatatesi, chimanga kapena fodya, ndinganene kuti asiye wailesi ya fakitale n'kuika kachipangizo ka mafunde. Kumudzi usiku galimoto imagona pakhomo pamene aliyense amadziwana. Ngozi yake ili pa tsiku la msika ndi paulendo wa kutauni, makamaka nyengo yogulitsa mbewu pamene aliyense akudziwa kuti muli ndalama. Kwa iye chofunika ndi kusasiya chikwama, foni kapena jekete pampando, chifukwa nthawi zambiri zimenezi ndi zimene zimaswetsa galasi, wailesi n'kungotengedwa chifukwa wakuba walowa kale.

Woyendetsa lole amene amagona pamzere wa pamalire amakhala m'galimoto nthawi yambiri, ndipo mpata wa wakuba ndi pamene wapita kukasainitsa mapepala kapena kukasamba. Atseke makatani a m'kabini, atenge nkhope ya wailesi, ndipo auze mnzake wa lole yoyandikana kuti wachoka. Pogula alamu aonetsetse kuti ndi ya mavoti 24, chifukwa ya galimoto yaing'ono ndi ya 12.

Wogwira ntchito mumzinda kapena ku migodi ya malasha ku Moatize, amene waika sikirini yaikulu ndi sabuwufa, ndiye ayenera kuphatikiza zambiri chifukwa alibe nkhope yochotsa. Ayambe ndi malo ogona otetezeka ndi kumanga zonse ndi mabawuti. Ndalama zikapezeka aonjezere alamu yoikidwa ndi katswiri, kenako pepala lolimba pa magalasi a zitseko zakutsogolo, amene ali pafupi ndi sikiriniyo. Ngati zida zonse pamodzi zafika pa mtengo umene sangathe kuulipiranso chaka chomwecho, apite nawo malisiti ku kampani ya inshulansi kuti zilembedwe m'pangano.